KACHOTUPA KA MWANA SI UFITI, TIKUFUNA MAYANKHO

Achinyamata anzathu a ku Makata, Ndirande, Limbe ndi m'tauni monse, werengani mpaka kumapeto.

Pali nthenda yosowa yotchedwa infantile myofibromatosis. Imagwira makanda, ena amabadwa nayo, ambiri imawapeza asanakwane zaka ziwiri. Timatotupa tolimba timamera pakhungu, m'minofu kapena m'mafupa. Tambiri timatha tokha, koma tikamera m'mapapo, mumtima kapena m'matumbo, mwana akhoza kutisiya. Ndi maso okha simungasiyanitse kachotupa kotere ndi khansa ya minofu ya rhabdomyosarcoma. Mpaka adule kanyama, akapime kulabu.

Apa ndi pomwe dziko lathu likulakwira ana. Mayi akuona kabumphu pamsana pa mwana, aneba akuti wam'lodza. Ena akuti mupakeni mafuta, kaphwa. Miyezi ikupita. Pofika ku Gulupu, zinthu zafika kale patali. Akayamba chithandizo, ena akusiyira panjira chifukwa ya minibasi yasowa.

Bungwe la WHO likuti m'mayiko olemera ana opitirira 80 pa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 linakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 ana 60 pa 100 azichira. Ife tili pati?

Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Lonjezo limenelo ndi lalikulu kuposa ena mwa ife, koma likungokwawabe. Chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James, chomwe chinatsegulidwa mu 2017, anachimanga ndi Madonna. Tikuthokoza, eya. Koma misonkho yathu ikupita kuti? Ma alawansi ndi magalimoto zimapezeka, zoona?

Tikufuna izi:
1. Anamwino ndi azaumoyo a kusikelo aphunzitsidwe kutumiza msanga mwana wa chotupa kuchipatala chachikulu.
2. Boma liwonjezere akatswiri opima zotupa, zotsatira zisamachedwe.
3. Mabanja a ana amenewa apatsidwe ndalama yoyendera.

Nanunso mafana, mukaona chotupa cholimba kapena chomwe chikukula pa mwana wa m'banja mwanu, musadikire. Nyamukani naye lero lomwe.

Pa 15 February ndi tsiku la dziko lonse lokumbukira ana odwala khansa. Phungu wa dera lanu ayankhe mafunso atatuwa pamaso pa anthu.

Tumizani uthengawu kumagulupu anu onse.