Komana wa mu katuni ali ndi Mama K, nanga wa ku Kanyama?

Mwana wanu wamkazi akamasula wailesi yakufa kuti aone zamkati, mumamuuza ciani? Ambiri yankho tili nalo kale: "Iwe, siya ivo, uzaononga! Yenda ukasuke mbale." Mlongo wake akacita zomwezo, ati uyu ni injiniya wa mailo. Lero tikamba za katuni, koma musapinde nyuzipepa, nkhani yake ni ya m'nyumba mwanu.

Katuniyo ndi Supa Team 4. Inatuluka pa Netflix pa 20 July 2023, ndipo ndi katuni yoyamba ya muno mu Africa imene kampaniyo inadzipangitsira yokha. Mwini nkhani ndi Malenga Mulendema, mwana wa Zambia, amene anapeza mpata kudzera mu mpikisano wa Triggerfish ya ku Cape Town mu 2015. Werengani bwino, zaka 8 kucokera pa pepa kufika pa TV. Nyimbo yotsegulira anaimba Sampa the Great. Nkhani icitikira mu Lusaka wa kutsogolo, koma malaiti akali kuzima monga lero, ndiye simungasocere.

Muli atsikana anai a ku sekondale. Temwe ndi wa mtima wapacala ndipo sakana cakudya, Zee ni wa bola, Monde ndi majoreti wa kandodo. Koma ine maso anga ali pa Komana, wokonda kupanga tumakina, amene akavala zankhondo achedwa K-Bongo. Bongo womwewu wa m'mutu.

Cimene cinandikoka n'cakuti Komana sanalumidwe ndi kangaude monga Spider-Man, sanagwe kumwamba monga Superman. Mphamvu alibe. Ali cabe ndi nzeru, ndiponso nkhawa ija ya mwana wanzeru wa m'nyumba yosauka, amene adziwa kuti akaphonya kamodzi palibe wina wom'gwira. Mwana wotere afuna zonse zikhale ndendende, ndipo zikapanda kuyenda adziimba mlandu yekha. Poyamba gulu lawo ndi cipwirikiti, uyu akoka uku, uyu uko, zida zikana nchito pamene zifunika kwambiri. Manje onani cimene acita Mama K, kazitape wopuma nchito amene anawasonkhanitsa. Akalipa, inde, mayi uja sanyengerera. Koma sawalanda zida. Mawa lake awatumanso. Komana akonza cimene cinafa dzulo, aphunzira kumvera anzake, ndipo pang'ono pang'ono aleka kuyembekeza kuti wina amuuze kuti wacita bwino. Ngakhale wamkulu wolemekezeka mu tauni, Lee Magedzee wa kampani ya magetsi, apezeka kuti ndiye cigawenga Bad Magz. Mtsikana amene anaphunzitsidwa kuweramira aliyense wovala suti afunika kulimba m'cifuwa kuti aime pamaso pa munthu wotere.

Apa ndiye pali mfundo yanga. Timakonda kunena kuti mwana uyu anabadwa wamanyazi, uyo anabadwa wolimba mtima, monga ni mtundu wa magazi. Ine nikana. Kudzidalira kumabwera mwana akalephera, dziko osatha, ndipo wamkulu wina n'kumuuza kuti bwerezanso.

Wina kumbuyo uko anganene kuti mwandi, ni vidoli cabe ivi. Cabwino, tiyeni ku anthu enieni. Tsiku limene katuniyi inatuluka ndi lomwe World Cup ya azimai inayamba, ma Copper Queens ali m'kati koyamba. Japan inatikwapula 5-0. Spain nayo 5-0. Mumakumbukira zimene zinali kukambidwa m'mabasi mlungu uja. Pa 31 July atsikana omwewo anagonjetsa Costa Rica 3-1, Barbra Banda n'kumwetsa cigoli ca nambala 1,000 m'mbiri ya mpikisanowo. Esther Phiri anali kugulitsa pamsika, mtsikana wa mu Mtendere amene sukulu inathera panjira, mpaka malemu Anthony Mwamba anamuika magolovesi n'kupirira naye. Mama K wake anali mwamuna, palibe kanthu.

Vuto mu komboni si kusowa a Komana. Ali mbwee mu George, mu Cawama, mu Matero. Ndi aja amene alumikiza tumabatire kuti nyumba iwale, amene adziwa cifukwa cake foni ya ambuya yaleka kucaja. Cosowa ndi malo olepherera. M'nyumba ya cipinda cimodzi, wailesi ikafa yafa, ndalama ya ina palibe, ndiye kholo likaletsa sindiliimba mlandu kwambiri. Kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere, cinthu cabwino, koma kalasi ikadzala mpaka ena kukhala pansi, mphunzitsi sangaone kamtsikana kacete ka pakona. Makalabu a JETS alipo m'masukulu ambiri. Funsani mwana wanu ngati analowako, ndipo akati ayi, funsani kuti nthawi imeneyo amakhala kuti. Kambiri mudzapeza ali pamzere wa madzi ku kiyosiki kapena wabereka mwana wa amai ake, mlongo wake ali ku bola.

Cinanso cimene cindiwawa n'cakuti katuni ya Lusaka ana ambiri a Lusaka sanaione. Netflix ifuna ndalama mwezi ndi mwezi, ifuna mabando, ifuna malaiti. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, tinali kukhala pafupifupi tsiku lonse mumdima, ngakhale wa TV yaikulu anali kungoyang'ana cipupa. Ndiponso atsikanawa akamba Cingelezi, Cinyanja n'congowaza monga mcere. Inamasuliridwa m'Cizulu, koma m'cilankhulo ca mumsewu umene iwo athamangamo, ayi.

Ba ZNBC ndi ba unduna woona za acinyamata ndi zaluso, kambiranani ndi eni ake. Iikeni pa TV1 Ciwelu m'mawa, m'Cinyanja ca mu tauni, cija ca pa City Market. Oseweza mau tili nao ambiri, ena angokhala. Kuli magawo 16, okwana miyezi inai ya Ciwelu ciliconse.