Nkhani ya Mfumu Hezekiya: osachotsera, osawonjezera

Abale a m'tauni, makamaka iwe mphwanga amene unandiseka pamaliro paja kuti Baibulo lonse ndi nthano za kalulu, tamvera.

Ine ndakumbapo zitsime ziwiri kudimba, ndiye nkhani ya madzi ndimaitchera khutu. Pa 2 Mafumu 20:20 akuti Hezekiya anakonza thamanda ndi ngalande yolowetsa madzi mumzinda. Ku Yerusalemu kuli ngalande yoboola thanthwe, mamita oposa 500, yochokera pa kasupe wa Gihoni kukafika ku Siloamu, ndipo akatswiri ambiri amati ndi yomweyo. Mu 1880 anapeza mawu ozokotedwa pakhoma lake, ofotokoza kuti magulu awiri anayambira uku ndi uku n'kukumana pakati. Mwalawo uli ku Istanbul. Kalulu angakumbe zimenezo?

Ngakhale mdani wake akuvomereza. Senakeribu wa ku Asuri, yemwe anaukira Yuda mu 701 Yesu asanabadwe, analembetsa nkhondoyo padongo lomwe lili ku British Museum ku London. Hezekiya akumutchula dzina, akudzitama kuti anamutsekera mu Yerusalemu, koma sakunena kuti analanda mzindawo. Pamsonkho, iye ndi Baibulo onse akuti golide anali matalente 30. Pasiliva ndiye asiyana: Baibulo likuti 300, iye 800.

Tsono ndibwere kwa inu alaliki athu akumudzi kuno, mundikhululuke. Tsiku lomwelo ndinamva wina akulalikira kuti asayansi atsimikiza kuti mngelo anapha asilikali 185,000 usiku umodzi. Ayi ndithu, dongo lija silikunena zimenezo. Inde, mfumu siilemba za kugonja kwake, monga mlimi salengeza pamowa kuti wakolola matumba awiri okha. Koma kukhala chete kwa Senakeribu si umboni. Za mngelozo ine ndimakhulupirira, ndipo ndimanena poyera kuti ndi chikhulupiriro, osati zofukula.

Mukuti ndikulimbana ndi zazing'ono? Ana athuwa ali ndi mafoni. Akakugwirani bodza limodzi paguwa, amataya zonse, ngalande ndi mwala womwe. Ogula akapeza mchenga m'thumba limodzi la chimanga amakana ngolo yonse, eti?

Iwe mphwanga, ukabwera pa Khirisimasi ubwere ndi mfundo, osati phwete. Khasu likudikira, tikakambirana tikupalira.