Opempha mpeni ndi ambiri, nanga ogula?

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene mpeni amauyesa chuma. Amakagona kutchire masiku angapo mongosangalala, mpeni umodzi womwewo n'kumawazira nkhuni, kusemera zikhomo za tenti ndi kutumbulira nsomba. Anthu amenewa satopa kupempha opanga mipeni kuti awatulutsire mtundu watsopano.

Nthawi zina pempho limaphula kanthu. Kampani ya Morakniv ya ku Sweden inkamva dandaulo lakuti chitsulo cha mipeni yake chimathera m'kati mwa chogwirira, ndiye eni ake ankaopa kuuthyola poukhoma ndi mtengo powaza nkhuni. Mu 2016 kampaniyi inatulutsa mpeni wotchedwa Garberg, umene chitsulo chake chimafika mpaka kumapeto kwa chogwirira.

Koma Morakniv ndi fakitale, mpamba ulipo. Ine amene amandimvetsa chisoni ndi wosula wamng'ono. Akauzidwa kuti "pangani yambiri, tidzagula," chitsulo amagula yekha, nthawi amataya yekha, ndipo tsiku logulitsa opempha aja amayamba kukanda m'mutu.

Kuno kwathu n'chimodzimodzi. Bambo wosula pamsika amasaka sipuling'i ya galimoto yakufa, kugula makala, kupukusa mvukuto tsiku lonse, n'kusula mpeni womwe mwamuuza. Mukafika mumati wadula, n'kukagula wonyezimira wa m'sitolo umene umabuntha usanamalize kusenda mbuzi imodzi. Ngati mpeniwo mukuufunadi, a Phiri, siyani theka la ndalama tsiku loitanitsa, bamboyo akagulire makala.