Mwatumiza botolo la mwana, nanga madzi ake ndi nkhuni zake?

Abale anga a ku Lilongwe, a ku Joni, ndi inu anansi anga kuno kwa Bowe, lero ndikamba za botolo loyamwitsira mwana. Ena muti nanga za mabere zikumukhudza chiyani bambo wachikulire, osangokamba za feteleza ndi mtengo wa soya bwanji. Zikundikhudza ndithu. Mwana akayamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku, osaka kabaza wa ku Madisi timakhala ife, ndipo zikakanika ogwira khasu kumanda timakhala ife tomwe.

Kwabwera kachizolowezi masiku ano. Mtsikana akangochira kuno kumudzi, mwana asanatuluke n'komwe m'chikuta, katundu wafika pa minibasi: matewera, shawelo, sopo, ndiye pansi pa chikwama botolo ndi chitini chimodzi cha mkaka. Kenako foni yalira: "Mumuyambitse msanga azolowere, akakula adzalikana." Pa WhatsApp ya banja n'kumalimbana kuti ayambe pa masabata awiri kapena adikire mwezi. Ine ndikuti tsiku limenelo kuno kulibe. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, olo madzi ayi, ndiko kuyamwitsa mwakathithi kumene alangizi a zaumoyo amatiuza ku sikelo. Ikakwana miyezi 6 mwana amamwera m'kapu, phala amadyera pa supuni, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri. Ndiye botolo lilowa pati?

Amene mudawetako ng'ombe mukudziwa. Mukasiya kuikama imaumitsa. Kwa munthu n'chimodzimodzi, mkaka umabwera malinga ndi m'mene mwana akuyamwira. Tsono pa bere mwana amagwira ntchito, amayasamula kukamwa konse n'kumakoka. Pa botolo mkaka umangothira wokha pa kabowo ka kamphira kaja. Mwana si wopusa, amasankha chophweka. Akabwerera ku bere amalira, amalilavula. Akayamwa pang'ono mkaka nawo umachepa, apongozi n'kuyamba kunena kuti mtsikanayu alibe mkaka, muonjezereni botolo. Pakutha pa mwezi bere laphwa, chitini chija chatha kalekale, ndipo achemwali amene adatumiza aja foni yawo sikupezeka.

Tiyeni tiwerenge ngati m'mene timawerengera matumba a feteleza. Mwana woleredwa ndi mkaka wa m'chitini wokha amamaliza makilogalamu 20 pa miyezi 6, ndiye kuti zitini 40 za magalamu 500. Lowani m'sitolo pa Mponela mufunse mtengo wa chitini chimodzi, muchulukitse ndi 40, kenako mundiuze kuti ndi matumba angati a mtedza. Mkakawu ndi wochokera kunja, ndipo chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse cha kunja chidangouluka. Ndiye mayi amatani? Pamene pakufunika masupuni anayi amaika awiri kuti chitini chikhalitse. Mwana akumwa madzi oyera, mimba yadzadza, koma ku sikelo muvi sukukwera. Chikatheratu m'botolo mumalowa tiyi, mkaka wa ufa wothira mu tiyi uja, dawale, pena zakumwa za shuga za pa okala. Botolo likangokhala m'nyumba silikhala lopanda kanthu.

Nanga madzi? Inu kumeneko mumatsegula mpopi n'kuyatsa ketulo. Ife mjigo ukafa timabwerera ku chitsime cha kudambo komwe kumamwanso mbuzi. Mkaka wa m'chitini umafuna madzi owiritsa nthawi iliyonse, ndipo khanda limadya kasanu ndi katatu kapena kuposa, usana ndi usiku womwe. Ndani adzakoleza moto 2 koloko ya usiku mu January nkhuni zitanyowa? Botolo nalo limafuna kuphikidwa. Kamphira kaja mkaka umatsalira m'kati momwe chala sichifika, n'kusasa, ntchentche za nthawi ya mango n'kumateraponso. Sitidaiwale kolera imene idayamba mu March 2022 n'kutenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mkaka wa m'bere sufuna moto, sufuna sopo, ndipo umabwera ndi chitetezo chake ku matenda otsegula m'mimba ndi chibayo. Ngakhale pa chitini chomwe mwatumizacho padalembedwa kuti mkaka wa m'mawere ndiwo woposa. Sikuti eni ake adalemba mokonda, ndi lamulo lidawakakamiza, chifukwa mu 1981 maiko adagwirizana zoletsa kunyengerera amayi ndi malonda amenewa.

Koma ndisangoloza chala ku tauni. Azibambo anzanga, botolo limalowa m'nyumba chifukwa cha ife. Mkazi wachira mu December, masabata awiri osatha tikumuuza kuti fodya akufuna kupalira, kubandira kwachedwa, chimanga chalowa tchire. Iye amapita kumunda mbandakucha, mwana watsala ndi agogo. Mwana akalira agogo atani? Ampatsa chimene chilipo. Pambuyo pake tomwefe tikukhala pa bawo n'kumati akazi a masiku ano ndi aulesi kuyamwitsa. Munthu wadya nsima ya dzulo ndi nkhwani wopanda nsinjiro, walima mpaka dzuwa pamutu, watunga madzi, wasinja, ndiye tikudabwa kuti wafooka? Ng'ombe yoyamwitsa sitiimanga pa ngolo, koma mayi wa ana athu tikumumanga.

Nanunso agogo, ndikupatsani ulemu wonse, koma ziwiri izi zisiyeni. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa ayi, musaufinyire pansi. Mwana wa mbuzi akauphonya mumadziwa nokha kuti sachedwa kufa. Ndi wochepa, inde, komanso mimba ya mwana wa tsiku limodzi ndi kanthu ngati nthudza. Chachiwiri, kulira konse si njala, ndipo dawale si mankhwala a kulira. Pajanso inu nomwe mumadana ndi kutumbiza. Mayi woyamwitsa mwakathithi usana ndi usiku, amene sadayambenso kusamba, kawirikawiri satenga pathupi pa miyezi 6 yoyambayo. Mukalowetsa botolo chitetezo chimenecho mwachichotsa.

Wina anena za kachilombo. Chiyambire 2011 dziko lino limaika mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV pa ma ARV moyo wake wonse, ndipo a chipatala amamuuza kuti ayamwitse, akumwa mankhwala mosadumphitsa. Choopsa kwa mwana wotero n'kusakaniza, lero bere mawa botolo mkuja dawale.

Alipo ana amene mkaka wa m'chitini umawapulumutsa, sindikukana. Mayi wamwalira pochira, kapena wadwala zoti sangathe n'komwe. Pamenepo ogamula akhale a chipatala, akuonetseni kasakanizidwe kake, ndipo ngakhale apo amalangiza kapu, chifukwa kapu imatsukika mpaka pansi. Ndikuwamvetsanso alongo athu apantchito m'tauni. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka masabata 8 okha a tchuthi cha uchembere, ndiye mwana wa miyezi iwiri amatsala ndi wantchito. Vuto lawo ndi lenileni. Komabe bere limafinyika, mkaka wake umakhala maola angapo m'kapu yoyera yovundikira, wotsala ndi mwana n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Ndipo vuto la ku ofesi ku Area 3 musalitumize kwa mtsikana wa kuno amene mwana wake ali kumsana tsiku lonse.

Achimwene, achemwali, ngati mukufunadi kuthandiza mwana wa mlongo wanu, ndalama ya chitini ija tumizani pa foni tilembe waganyu apalire munda, mayi akhale pakhomo miyezi iwiri itatu. Tumizani usipa, nyemba, mafuta ophikira, sopo ndi ndalama ya kabaza wa ku sikelo. Mabotolo amene afika kale musataye, chotsani kamphirako, mutsuke, muumitse. Mbewu ya fodya ndi ya mpiru imasungika bwino m'menemo.