Ngodya ya Amisiri: Kilatchi ikayamba kuterereka musachedwe

M'mabanja ambiri a kunyanja kuno njinga yamoto ndiyo ikudyetsa ana. Ndiyo ikunyamula usipa kuchoka padoko kunka kumsika, ndiyonso ikuthamangitsa odwala kuchipatala. Koma mchenga wa kwathu kuno pamodzi ndi katundu wolemera zimadya kilatchi msanga, makamaka ngati woyendetsa amakonda kuigwira mwatheka pofuna kutuluka mu mchenga.

Chizindikiro choyamba nchakuti injini imalira kwambiri koma njinga osathamanga, makamaka pamtunda. Musanamasule kanthu, yambani mwaona chingwe. Pa njinga za mtundu wa Honda CG125 chogwirira chiyenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 chisanayambe kukoka. Chingwe chikakungika kwambiri, kilatchi imaterereka ngakhale ili yabwino. Onaninso oyilo. Kilatchi ya njinga zotere imasamba mu oyilo wa injini, tsono oyilo wina wa galimoto amaitereretsa. Gulani wolembedwa JASO MA pabotolo.

Vuto likapitirira, khuthulani oyilo ndi kutsekula chivundikiro cha kumanja. Mudzapeza mapuleti a mitundu iwiri osanjikizana, ena okhakhala, ena achitsulo chosalala, atapanidwa ndi masipuling'i. Okhakhala akaperepeseka sinthani onse pamodzi, ndipo atsopanowo muyambe mwawaviika mu oyilo. Achitsulo agonekeni pagalasi. Amene akugwedera kapena asanduka obiriwira adapsa, atayeni. Masipuling'i ofooka nawonso achoke.

Kenaka yang'anani basiketi, nyumba imene mapuleti amakhalamo. Mapuleti amakumba timizere m'mbali mwake, ndipo nchifukwa chake njinga imakwawa mutagwira kale kilatchi, magiya nkumavuta kulowa. Timizere tosaya mungathe kutisalaza pang'ono ndi tupa, koma tikazama gulani basiketi ina. Kumbuyo kwake kuli giya yaikulu yolumana ndi giya yaing'ono ya pa crankshaft. Apa ndi pamene mphamvu ya injini imayambira ulendo wake wonka kugudumu. Mano akabenthuka kapena kusongoka, sinthani magiya onse awiri, pakuti yakale imadya yatsopano.

Pobwezera, mangani mabauti a masipuling'i pang'onopang'ono modumphitsa, osati limodzi mpaka kumapeto. Tsukani sefa ya oyilo chifukwa zinyenyeswa za mapuleti akale zimabisala m'menemo. Ikani gasiketi yatsopano ndi kuthira oyilo watsopano. Ngati mulibe zipangizo zomasulira nati ya pakati, pitani kwa makaniko m'malo moimenya ndi hamala.

Abale, mapuleti ndi otsika mtengo poyerekeza ndi basiketi ndi magiya. Amene azengereza lero adzalipira zonse zitatu, njinga nkukhala pakhonde sabata yathunthu popanda cholowa pakhomo. Akuluakulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Tidzakumanenso m'kope lotsatira.