Nkhokwe ya Ng'ombe



Caka ndi caka, mitambo ikayamba kuda ndi fungo la mvula yoyamba likamveka, timaona cinthu comvetsa cisoni pa maulendo athu a ku machalichi a m'midzi. Mwini munda wakonza pulawo ndi goli, mbeu ili m'nyumba, koma ng'ombe zoti zikoke pulawoyo zaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Zikalima mizere isanu zimagona m'munda momwemo, ndipo mkwapulo wa mnyamata sungathe kuzidzutsa. Banja limadikira masabata awiri kapena atatu kuti msipu watsopano uzibwezere mphamvu, ndipo pamene cimanga cilowa m'nthaka, mvula yabwino yobzalira imakhala itapita kale. Motero njala ya caka camawa kawirikawiri imayambira m'khola m'mwezi wa Okutobala.

Cimanga timacimangira nkhokwe, nshawa nazo timazisunga mosamala, koma ng'ombe timazitsegulira khola ndi kunena kuti Mulungu adzazidyetsa kuthengo. Indedi Mulungu amadyetsa zolengedwa zake, komatu ku Ejipito anacita zimenezi kudzera mwa Yosefe, amene anakundika tirigu m'zaka za dzinthu poyembekezera zaka za njala. Acikulire a pakati pathu akukumbukira cilala ca 1992. Ngakhale ana akukumbukira ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. M'zaka ziwiri zonsezo, pamodzi ndi cimanga, msipu nawonso unauma nthawi yake isanakwane. Ncifukwa cace mwezi uno tifuna tikambirane za kulima udzu, ngakhale tidziwa kuti ena aseka pomva kuti munthu wamkulu angatenge khasu kukabzala udzu.

Udzu umene tikukamba ndi umene alangizi a zamalimidwe amaucha Rhodes. Dzinali unalitengera kwa Cecil Rhodes, koma udzuwo ndi wa mu Africa muno kuyambira kale, ndipo mtundu wake umodzi wodziwika kwambiri, wochedwa Katambora, unatengedwa m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, kumtunda kwa Livingstone. Umakula m'nyengo yotentha ya dzinja, ndipo umatulutsa nthambi zoyanga pansi zimene zimagwira mizu pa mfundo iliyonse mpaka nthaka yonse itaphimbika. Mizu yake imalowa pansi mamita angapo, kumene cinyontho cimatsalira pamene pamwamba pauma. Cilimwe cikafika masamba amafota, koma citsinde sicifa, ndipo mvula ikangogwa cimaphukanso popanda kubzala kaciwiri. Sukonda dambo lokhala ndi madzi nthawi yaitali, ndiponso sucita bwino m'nthaka yoguga yosathiridwa kanthu.

Kafesedwe kake kamafuna kudekha. Nthawi yabwino ndi Disembala kapena kuciyambi kwa Januwale, mvula itakhazikika. Sankhani malo a pafupi ndi khola, mulime bwino ndi kuphwanya zibuma zonse kuti dothi lisalale. Njere zake ndi zazing'ono ndi zopepuka ngati mankhusu, kotero kilogalamu imodzi kapena awiri akwanira lima imodzi. Musanafese, ikani njere zowerengeka pa kansalu konyowa kwa sabata limodzi kuti muone ngati zimera, pakuti mbeu yongokololedwa kumene imacedwa kumera, ndipo yokhalitsa pa malo a cinyontho imafa. Sakanizani mbeu ndi mcenga wouma kuti mphepo isaiuluze ndi kuti ifalikire mofanana. Colakwa cimene ambiri amacita ndi kuikwirira ngati cimanga. Njere ya udzu umenewu ikalowa pansi kupitirira sentimita imodzi kapena awiri, mphukira yake imalephera kuboola dothi. Ndi bwino kungokoka nthambi ya mtengo pamwamba, kenaka kupondaponda kuti njere igwirane ndi nthaka. Amene alibe mbeu angathe kupempha zitsinde kwa mnansi amene anabzala kale, ndi kuziwoka m'mizere tsiku la mvula.

M'masabata oyamba udzuwu ndi wofooka ngati khanda. Umafuna kupalira, cifukwa zomera zina za masamba aakulu zimaukuta msanga. Musalowetsemo ziweto miyezi itatu isanathe. Ng'ombe ikadya udzu wosakhazikika imauzula ndi mizu yomwe, ndipo mbuzi ndiye zimameta mpaka pa dothi. Thiranimo manyowa owola a m'khola, ndipo amene angathe awazemo feteleza wokulitsa pang'ono, monga yureya, nthaka ili yonyowa. Munda wa udzu wosadyetsedwa umaguga patapita zaka zitatu kapena zinai, pakuti ciliconse cimene timweta ndi kunyamula cimacoka m'nthaka momwemo.

Nthawi yomweta ndi pamene ngala zoyamba zayamba kuoneka, udzu ukali wobiriwira ndi wa masamba ambiri. Tikaudikira kuti ukhwime ngati wofolera nyumba, mtolo umakula koma cakudya cimacepa, ndipo ng'ombe imangodzaza mimba osanenepa. Mwetani ndi cikwakwa, kusiya citsa cotalika ngati cikhatho ca dzanja kuti uphukenso. Yang'anani masiku a dzuwa, muuyanike masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza, ndipo usanyowe ndi mvula. Udzu wouma bwino umakhalabe ndi kubiriwira pang'ono ndi fungo lokoma. Wosungidwa uli wauwisi umatentha mkati ndi kucita nkhungu, ndipo wotere ungadwalitse ciweto. Umangeni m'mitolo ndi kuuika pa nsanja yofolera, yotalikira pansi cifukwa ca ciswe ndi cinyontho. Imeneyo ndiyo nkhokwe ya ng'ombe. Kambali kena ka munda mukasiye osamweta kuti ngala zikhwime ndi kufiira, ndipo mudzapeza mbeu yanu ndi ya abale anu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ng'ombe yolemera makilogalamu 300 imafuna pafupifupi makilogalamu 8 a cakudya couma pa tsiku. Ng'ombe ziwiri za pagoli, pa masiku 60 a Seputembala ndi Okutobala, zifuna makilogalamu 960, ndiye kuti pafupifupi tani imodzi. Lima imodzi yosamalidwa bwino ingathe kupereka zimenezo m'caka ca mvula yabwino. Mukaonjezapo mapesi a cimanga osungidwa, masamba ouma a nshawa, gaga pang'ono ndi mcere, ng'ombe zidzafika pa mvula yoyamba zili ndi mphamvu, ndipo yaikazi yoyamwitsa siidzaumitsa mkaka wa ana. Alimi a fodya ali ndi phindu linanso. Udzu wa Katambora ukakhala m'munda zaka zitatu kapena zinai umacepetsa timphutsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato, ndipo ncifukwa cace mafamu a fodya akhala akuusinthanitsa ndi mbeuyo kwa zaka zambiri.

Koma tinene zoona: mdani wamkulu wa munda wa udzu si cilala ai, ndife anthu. Mwezi wa Ogasiti ukafika, anyamata osaka mbewa amayatsa chire, ndipo moto wa lupsa sufunsa mwini munda. Lambulani mozungulira munda ndi nsanja udzu wa kuthengo usanaume. Ndiponso tikatha kukolola, ziweto za mudzi wonse zimayenda momasuka, ndipo kwa mbusa wotopa munda wobiriwira ndi mphatso. Takhalapo pa milandu ya Akristu awiri a mphakati umodzi amene analeka kupatsana moni wa mtendere pa Misa cifukwa ng'ombe za wina zinathyola mpanda wa dimba la mnzake. Pofufuza tinapeza kuti mwini ng'ombe sanali woipa mtima, koma ziweto zake zinali ndi njala. Khola lokhuta limateteza dimba la mnansi.

Pa cifukwa cimeneci nkhaniyi isathere m'banja limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ikambidwe pa msonkhano wa mphakati, ndipo atsogoleri akaifikitse kwa mfumu ya mudzi, kuti minda ya udzu idziwike ndi kulemekezedwa monga ya cimanga. Mabanja asanu angathe kusonkha ndalama za mbeu, kufunsa alangizi a zamalimidwe kumene ipezeka, ndi kuyamba ndi kamunda kamodzi kocotsamo zitsinde. Pogawana musaiwale amai amasiye ndi agogo olera ana amasiye, amene mbuzi zao ziwiri kapena zitatu ndizo zimagula yunifolomu ndi mankhwala.

Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Msipu wa kudambo ndi wa moto, wa cilala ndi wa aliyense wofika msanga. Wanu ndi umene uli pa nsanja. Mlengi anatiikiza ziwetozi kuti zititumikire, ifenso tizisamale, ndipo ng'ombe imene yatilimira caka conse siyenera kulipidwa ndi mkwapulo pamene njala yaigwetsa. Mvula ya Adventi ikakhazikika ndipo cimanga cikamera, patulani masiku awiri, mupime lima imodzi kuseri kwa khola, ndipo mufese.

Ambuye adalitse minda yanu, makola anu ndi nchito za manja anu. Tidzakumananso mwezi wamawa.