Tchipisi cha m'jumbo: kodi tikumeza chiyani?

Tsiku la msika pa Chiosya, ku Mchinji, ndinaima pa chiwaya kugula tchipisi. Mnyamata wake anachithira m'jumbo chikadali chamoto, mafuta ali chuchuchu. Chapafupi, mayi wina anali atabvundikira mphika wa chinangwa ndi pepala la pulasitiki. Ndinadya ndithu, sindinama, koma mtima sunakhale m'malo.

Abale anzanga, pulasitiki amathiramo mankhwala popanga. Ma phthalate amafewetsa pulasitiki, makamaka wa PVC, pamene BPA amapezeka m'mabotolo ena olimba ndi m'kati mwa zitini za chakudya. Kutentha ndi mafuta zimasolola mankhwalawa n'kuwalowetsa m'chakudya.

Nkhani yagona m'matumbo. Phthalate wotchedwa DEHP akafika m'menemo, matumbo amamgaya monga agayira mafuta. Tsoka lake, pomdulapo amasanduka MEHP, yemwe ndiye wobvutayo, ndipo amalowa m'magazi. Akatswiri atadyetsa makoswe a bere mankhwalawa, ana aamuna anabadwa ndi ziwalo zoberekera zosakula bwino chifukwa chochepa testosterone. BPA yekha amatsanzira estrogen, mahomoni achikazi. Mwayi ulipo ndi woti khoma la matumbo ndi chiwindi zimammata kachidutswa konga shuga, ndipo wambiri amatuluka mumkodzo tsiku lisanathe.

Ndiye ena akuti tisabvutike. Nanga ngati mawa tidyanso, mkuja tidyanso? Ku America, mu 2003 ndi 2004, anapeza BPA mumkodzo wa anthu 93 pa 100 alionse amene anawayeza. Komanso chiwindi cha khanda sichikhala chitakhwima pa ntchito yochotsa mankhwalayi. Ichi n'chifukwa maiko a ku Ulaya analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011.

Ndinene chilungamo: jumbo zambiri ndi za polyethylene, osati PVC. Koma pa jumbo salembapo kanthu. Venda adziwa bwanji zomwe anathiramo? Ine mavenda sindikuwada, nawonso amadyera momwemo.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, mu 2015, ndipo Supreme Court inagwirizana nalo mu 2019. Koma zomwe tinkamva kwambiri n'za ngalande zotseka ndi ziweto zomeza majumbo. Za matumbo a munthu, zii! A Malawi Bureau of Standards, tatengani jumbo za m'misika yathu, muziyeze ndi chakudya chotentha cha mafuta, mutiuze zomwe mwapeza m'Chichewa, pa wailesi.

Ulendo wina ndinapita pa chiwaya chomwecho ndi kambale kanga kachitsulo. Mnyamata uja anaseka kwambiri, nati: "Bwana, mwabwera ndi ka kuchipatala?" Koma anathiramo.